MicroFreak patatha miyezi 14: ndabweza mawu pa nkhani ya makiyi

Mu Ogasiti chaka chatha alamu anga anabwera kuchokera ku Johannesburg atanyamula kabokosi komwe ndinawatuma. M'katimo munali Arturia MicroFreak, sinthesaiza yanga yachinayi (sinthesaiza ndi choimbira chopanga mawu ake ndi magetsi). Sabata ziwiri zisanathe ndinali nditagamula kale mlandu. Ndinauza anzanga oimba nawo kuti mawu ake ndi okoma koma makiyi ake ndi achibwana, choncho ndizingoilumikiza ku kiyibodi ina kuti ndisawakhudze n'komwe. Lero ndikubweza mawu amenewo.

Kwa amene simunaione, MicroFreak ilibe makiyi otsika mukawadina. Pali bolodi losalala, lojambulidwa makiyi 25, ndipo limamva khungu la chala monga imachitira sikirini ya foni. Ine ndinakulira pa kiyibodi ya Yamaha ya kutchalitchi, chala changa chinazolowera kuti kiyi itsike kenako ibwerere. Apa chimangogunda pouma ngati ukugogoda patebulo. Mwezi woyamba ndinkaphonya manotsi kosawerengeka, poti palibe chokuuza kuti walowa m'munda mwa kiyi yoyandikana nayo. Ndinachitadi monga ndinanenera: ndinasolola chingwe cha MIDI, cholumikizira zoimbira zamagetsi, n'kumaiimba kudzera pa kiyibodi yakale ija.

Zinthu zinasintha usiku wina mu Januwale. Mvula inali ikugwa, magetsi atazima kuyambira madzulo. Kiyibodi yaikulu ija sikanayaka, koma MicroFreak imalandira moto kudzera pa USB, ndiye ndinailumikiza ku power bank n'kuvala mahedifoni. Panalibe kothawira, ndinagwira makiyi omwewo. Pali malo ena pamwamba pake otchedwa matrix, pomwe umasankha kuti ichi chiziwongolera icho. Posewera ndinalumikiza Pressure (kadinidwe ka chala) ku Timbre (kamvekedwe ka mawu), ndinagwira manotsi atatu, kenako ndinagoneka chala chimodzi pang'onopang'ono. Noti ya chala chimenecho inatseguka yokha, inawala, zinzake ziwiri zili phee. Ndinadzutsa chalacho, inabwerera mumdima. Ndinakhala pamenepo mpaka power bank inatsala ndi kanyali kamodzi.

Chinsinsi chake n'chakuti bolodilo siliyeza mphamvu imene wadinira, limayeza kuchuluka kwa khungu lomwe lakhudza. Nsonga ya chala ndi pang'ono, chala chogona ndi zambiri, ndipo kiyi iliyonse imamva payokha. Oimba amachitcha polyphonic aftertouch. Maganizo oimbira pa mbale zosatsika si atsopano, Don Buchla, katswiri wopanga masinthesaiza, ankapanga zoterezi ku California m'zaka za m'ma 1960, koma ine ndinali ndisanazigwirepo.

Apa ndiyenera kuulula chomwe chinandilowetsa m'matenda osonkhanitsa masinthesaiza. Ndili mnyamata ndinkasunga makobidi olowera kuvidiyo show. Anzanga ankadikira ndewu, ine ndinkatchera khutu ku kulira kwa zitseko za zombo za m'mlengalenga ndi mawu a maroboti. Nditakula ndinaonera Blade Runner, filimu ya 1982, ndipo mawu aja onga malipenga akulira patali pamwamba pa mzinda sanachokenso m'mutu mwanga. Vangelis, amene anapeka nyimbo za filimuyo, ankaimba zimenezo pa Yamaha CS-80, chimphona cha 1977 cholemera makilogalamu pafupifupi 100, chomwe chinatchuka chifukwa cha chinthu chomwechi: kiyi iliyonse imamvera chala chake ikadinidwa kale. Kwa zaka ndinkaganiza kuti ndikusaka mawu a makinawo. Ndinagula Korg Volca Keys, kenako Monologue, koma sindinawapeze. Chomwe ndinkasaka chinali kupuma kwa noti pansi pa chala, ndipo ndachipeza m'kachipangizo kolemera kilogalamu imodzi. Musandimve molakwa, MicroFreak silira ngati CS-80, ngakhale pang'ono. Yake ndi mawu opyapyala, akuthwa, nthawi zina amwano. Chofanana ndi momwe dzanja limayankhulira nayo basi.

Za mawu akewo. Oscillator yake, mbali yomwe imapanga mawuwo, ndi ya digito ndipo ili ndi mitundu yambiri, ina yochokera ku Plaits, kachipangizo ka kampani ya Mutable Instruments, komwe mwini kampaniyo Émilie Gillet anapereka pulogalamu yake poyera kuti aliyense agwiritse ntchito. Poyamba ndinkayendera yonse ngati mwana m'golosale. Pano ndakhazikika pa itatu. Karplus imalira ngati nsambo yokodoledwa, ndipo ukaichepetsa kuwala imandikumbutsa bangwe. Modal imapita ku kalimba, ukaikoka kwambiri imasanduka belu lachitsulo lomira m'madzi. Yachitatu ndi Speech, yomwe imatchula manambala ndi mayina a mitundu ya utoto m'Chingerezi ndi mawu a loboti. Imeneyi ndi ya mwana wanga wamkazi. Akangomva ndayatsa amathamangira kuchipinda: “Adadi, muyankhulitse uja.”

Chomwe ndataya nacho nthawi yambiri ndi vocoder, yomwe Arturia anaionjezera mu 2020 kudzera mu pulogalamu ya m'kati. Umalumikiza maikolofoni pa bowo la mahedifoni, umayankhula, makina amatenga kaumbidwe ka mawu ako n'kukaveka pa noti yomwe wagwira. Ndinafuna loboti loyankhula Chichewa, ndipo ndinaphunzirapo kanthu za chilankhulo changa chomwe. Vocoder imataya kukwera ndi kutsika kwa mawu ako, imatsatira kiyi yokha. M'Chingerezi izi sizivuta kwenikweni. Kwathu kuno, ukagwira noti imodzi n'kunena kuti “mtengo”, palibe angadziwe ngati ukunena wa mango kapena wa shuga pamsika. Chiganizo chonse chimamveka ngati mlendo amene waloweza mawu popanda kumvapo Mchewa akuyankhula. Kuti lobotilo limveke lakwathu, ndimayenera kuimba kakwezedwe ka mawu ndi zala, silabulo ndi silabulo, noti ziwiri kapena zitatu zoyandikana. Pa makiyi osalala amenewa chala chimatsetsereka msanga kuposa pa kiyibodi wamba. Ndili ndi kankhani ka mphindi zisanu ndi chimodzi ka chombo chotera m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, lobotilo likufunsa asodzi njira. Chiganizo chimodzi chokha chinanditengera madzulo atatu.

Zina muyenera kudziwa musanatume munthu. Ilibe reverb kapena delay, zomwe zimachititsa mawu kumveka ngati ali m'holo kapena kubwerezabwereza, ndipo mawu amatuluka mbali imodzi, ouma ngati chigumu chopanda tiyi. Mawu a m'mlengalenga amafuna malo oti amwazikire, ndiye ndinagula pedo ya reverb yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndalama imeneyo muiwerengere limodzi ndi mtengo wa makinawo. Imaimba manotsi anayi pa nthawi imodzi, koma onse amadutsa mu filter imodzi ya analogi, sefa yochepetsa kapena kuonjezera kuwala kwa mawu, yotengera ya sinthesaiza yakale ya Oberheim SEM. Choncho kuwala kwa noti imodzi kuja kumatheka ukalumikiza Pressure ku oscillator, osati ku filter. Zinanditengera miyezi kuti ndimvetse chifukwa chake zina zinkasunthira pamodzi.

Ya kutchalitchi si imeneyi. Ndinaiyesa kamodzi pokonzekera kwaya, ndipo mkulu wampingo wina anandiyandikira mwaulemu wonse: “Achimwene, kodi kiyibodi yanuyo yadwala?” Ngati mukufuna piyano, ogani ndi zingwe za Lamulungu m'mawa, sungani ndalama zanu.

Makiyiwa amatsatiranso nyengo, poti amadalira khungu. Mu Juni ndi Julayi zala zikauma ndi chisanu, ndimayamba ndafikisa manja kapena kudzola timafuta pang'ono kuti zimveke bwino. Mwezi uno wa Okutobala ndi zosiyana: thukuta limachititsa kuti kukhudza pang'ono kumveke ngati wagoneka chala chonse, ndiye pambali pamakhala kansalu. Fumbi la ku Lilongwe ndimalitchinga ndi chitenje chakale cha mayi a kunyumba. Ubwino wake, palibe mipata ya pakati pa makiyi yoti fumbi lilowemo, kupukuta kamodzi kwatha. Zopotokola zonse zikadali zolimba monga tsiku loyamba.

Sequencer, yomwe imasunga manotsi n'kumawaimba yokha mobwereza, ndimaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Mabatani a Spice ndi Dice amasokoneza kayendedwe ka manotsi mwamwayi, ndipo kawiri kapena katatu andipatsa chinthu chomwe sindikanachiganiza ndekha. Nthawi zambiri amangobweretsa phokoso.

Nanga zitatu zinazo? Yamaha ikadali ya kutchalitchi. Monologue ndimaiyatsa ndikafuna besi yonenepa, pamenepo MicroFreak siifika. Volca Keys ndinaichotsa mabatire kuti angatayikiremo, ili m'kabati kuyambira Malichi. Ndinali ndi ndandanda ya masinthesaiza ena atatu oti ndigule, ndipo alamu anga ataimba foni mwezi watha kufunsa ngati pali choti anyamule pa Khirisimasi, mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lija. Ndinawatuma chingwe chimodzi cha maikolofoni, chifukwa chomwe ndili nacho chayamba kuthetheka, ndipo loboti lija likadali m'mphepete mwa Chilwa, asodzi sanaliyankhe.