Wojambula asilikali akale a KAR pa boma la Dedza

Amene agogo awo anali mu King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, amapita ndi zithunzi zakale kwa wojambula wina pa boma la Dedza kuti awajambulirenso ndi utoto. Pa yunifolomu ndi katswiri. Amayamba ndi pensulo pa pepala lokhuthala la A3, kenako utoto wosungunula ndi madzi: khaki kaye, mithunzi pambuyo. Amadziwa kuti asilikali a ku Nyasaland ankavala chisoti cha fez chakuda pa pelete, osati chofiira ngati magulu ena, ndipo amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 amawaveka zobiriwira.

Pofooka ndi pa mamendulo. Chithunzi chopanda mitundu sichionetsa maonekedwe a riboni, ndiye amangoganizira. Riboni ya mendulo ya Burma Star ndi yofiira pakati, m'mbali buluu ndi olenji. Ngati mendulo ilipo kunyumba, pitani nayo. Nkhope za anthu osiyana nazo zimatuluka zofanana kwambiri, ngati pachibale.

Musiyireni kope, osati chithunzi chenicheni. Mukalandira, ikani m'felemu ya galasi msanga, chifukwa chinyezi cha ku Dedza chimapinda pepala.