Ndemanga yanga pa maphunziro a Chingerezi a Loweruka: miyezi itatu, aphunzitsi awiri

Ndamaliza miyezi itatu pa maphunziro a Chingerezi a Loweruka m'mawa aja, amene amachitikira m'chipinda chapamwamba pa sitolo kufupi ndi depoti ya mabasi, ndipo popeza ambiri mwakhala mukundifunsa ngati K40,000 ya pamwezi ija ikupindula, ndaganiza zolemba zonse monga ndinazionera. Ndine telala, ndipo chimene chinandipititsa kumeneko ndi makasitomala ochokera kunja amene amabwera kudzasoketsa zovala za chitenje. Akamalankhula ndimawamva bwinobwino, koma poyankha lilime limandilemera, makamaka pa timawu tating'ono timene ku sukulu tinkatitcha alowam'malo. Chipindacho n'chaukhondo, mipando ndi yokwanira, ndipo maphunziro amayamba pa nthawi yake.

Mlungu wachitatu, mphunzitsi wachinyamata amene ndi mwiniwakenso wa malowo anatiuza kuti aliyense aimirire ndi kufotokoza za banja lake m'ziganizo zisanu. M'kalasimo tinalimo anthu 14. Itafika nthawi yanga ndinati, "My husband is a driver. She goes to Mzuzu every Monday." Ndisanafike pa chiganizo chachitatu, bamboyo anaomba m'manja, naseka mpaka kutsamira tebulo, kenako anafunsa kalasi yonse m'Chichewa kuti, "Kodi mayiwa anakwatiwa ndi mkazi mnzawo?" Anthu anaseka, ena mwa iwo ana a msinkhu wa mwana wanga woyamba amene akukonzekera mayeso a MSCE, ndipo ine ndinangoima ndi kope langa m'manja, nkhope itagwa, osadziwa ngati ndipitirize kapena ndikhale pansi. Atatha kuseka sanafotokoze kalikonse. Analemba "he" ndi "she" pa bolodi, najambula kamwamuna ndi kamkazi pambali pake, ngati kuti munthu wa ana anayi sadziwa kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Ine ndinkadziwa kuyambira ku pulayimale kuti "he" ndi mwamuna ndipo "she" ndi mkazi. Ndalama zanga ndinaperekera kuti wina andiuze chifukwa chake pakamwa pamatuluka china pamene mutu ukudziwa china, ndipo funso limenelo iye sanaliganizire n'komwe.

Tsiku lomwelo ndinapita pa desiki kukapempha kuti andibwezere ndalama za milungu yotsalayo. Mtsikana wa pamenepo sanachotse maso pa foni yake, anangondilozera chipepala chomata pakhoma chonena kuti ndalama zikalowa sizibwezedwa. Ndi yemweyonso amene anandigulitsa kabuku kofotokopa ka K8,000, kamene masamba ake awiri ndi osawerengeka, ndipo pa tsamba la mayankho kamati "between you and I" ndicho cholondola. Ndinabwerera Loweruka lotsatira chifukwa cha ndalama zokhazo, mtima uli kutali.

Ndinapeza mwini wake kulibe, ndipo m'malo mwake munali mayi wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Zikuoneka kuti wina anali atawauza kale za nkhani ija, chifukwa asanatsegule buku lililonse anatifunsa kuti, "Kodi ndikati 'iye wabwera', wabwerayo ndi mwamuna kapena mkazi?" Palibe anayankha, ndipo iwo anati yankho lake ndi lomwelo: Chichewa sichifunsa funso limeneli, choncho munthu amene anakula akulankhula Chichewa amafika pakati pa chiganizo cha Chingerezi asanasankhe, kenako amangotola liwu limene lili pafupi. Anati mankhwala ake ndi kumuona munthuyo m'maganizo musanatsegule pakamwa, ndipo anatichititsa zimenezi kwa theka la ola, akutionetsa zithunzi za m'nyuzipepala mofulumira, ife tikunena chiganizo chimodzi pa chithunzi chilichonse. Wina akalakwitsa ankangoti, "Bwerezaninso, mayi," kapena "Yang'ananinso chithunzicho, bambo," popanda kusintha nkhope.

Phunziro limene linanditsegula mutu koposa linali la "his" ndi "her". Mayiwo analemba pa bolodi mawu akuti mwana wake, buku lake, nyumba yake, chipewa chake, natifunsa chimene chikusintha. Tinaona tokha kuti m'Chichewa liwulo limatsatira chinthu chimene munthu ali nacho, pamene mwini wake sakudziwika ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Chingerezi chimachita zosiyana kotheratu, chifukwa chimayang'ana mwini wake osati chinthucho. N'chifukwa chake ambiri timati "John loves her mother" poganiza kuti mayi ndi mkazi, pamene cholondola ndi "John loves his mother", popeza mwini mayiyo ndi John. Kwa zaka zonsezi ndinkauza makasitomala aamuna odzatenga diresi ya akazi awo mawu osokonekera, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa kuti "his wife" ndi mkazi wa bamboyo, pamene "her dress" ndi diresi ya mayiyo, ngakhale kuti m'Chichewa onsewo ndi wake ndi yake basi.

Anatisonyezanso kuti ife timabisa alowam'malo m'kati mwa mneni. Liwu limodzi lakuti "ndinamuona" lanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa, koma Chingerezi chimafuna mawu atatu oima paokha, "I saw him" kapena "I saw her", ndipo liwu la mwininkhani limasintha likakhala pamtherankhani: "I" amakhala "me", "he" amakhala "him", "we" amakhala "us", "they" amakhala "them". Pamenepo ndinatulutsa kabuku kaja ndi kuwafunsa za "between you and I". Anakayang'ana, napukusa mutu, nati pambuyo pa mperekezi ngati "between", "for" kapena "with" pamabwera "me", ndipo anatipatsa njira yodziyesera: chotsani munthu winayo mumve ngati chiganizo chikuimabe. Palibe amene anganene kuti "this is for I", choncho "this is for you and me" ndiye cholondola. Anatiuza tonse kuti tikonze tsambalo ndi cholembera, ndipo ndinaona kuti sanayese kuikira kumbuyo kabuku ka abwana awo. Kamphatikizo kathu ka -dzi- ka mu "anadzipweteka" anakafanizira ndi "himself" ndi "herself", ndipo pa "it" sanachedwepo, anangoti kawirikawiri Chingerezi sichilola chiganizo chopanda mwininkhani, n'chifukwa chake "kukuzizira" amati "it is cold".

Nkhani ya ulemu ndiyo inatitengera Loweruka lathunthu, chifukwa bambo wina wachikulire m'kalasimo anakana kwamtuwagalu kunena "you" kwa apongozi ake, akuti zikumveka ngati akuwatcha iwe. Mayiwo sanamunyoze. Anafotokoza kuti Chingerezi chakale chinali ndi liwu lapadera la munthu mmodzi, "thou", limene likupezeka m'Baibulo la King James la m'chaka cha 1611, koma linatha m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, moti lero "you" akuimira iwe ndi inu pamodzi. Ulemu umene ife timauika mu "inu" ndi mu "a-" iwo amauika m'mawu ena monga "please", "would you", "sir" ndi "madam". Anatichenjezanso za chizolowezi chathu chonena "they have come" potanthauza kuti bambo abwera, chifukwa mlendo akamva zimenezo amayembekezera gulu la anthu. Anati "they" angaimire munthu mmodzi pamene sitikumudziwa, monga mu "someone left their phone", koma osati monga ulemu kwa munthu wamkulu.

Mayiwo anatiphunzitsa milungu isanu ndi umodzi, ndipo chifukwa cha iwo sindinganene kuti ndalama zanga zinalowa m'madzi. Mlungu wathawu kasitomala wina wochokera ku Manchester anabwera ndi mchemwali wake kudzayesa masiketi, ndipo ndinatha kufunsa kuti "Does she want hers longer than yours?" popanda kukayika, iye n'kuyankha nthawi yomweyo osandifunsa kuti ndikutanthauza ndani. Mwini malowo atabwerera ndinaona kuti galamala amaidziwa ndithu, ndipo mayeso amene amakonza ndi abwino kwa ana a Fomu 4, koma kuleza mtima ndi anthu akuluakulu alibe, ndipo mpaka lero sanandipepese ngakhale timakumana pa masitepe Loweruka lililonse.

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo zitatuzo ndi za mayi aja. Musanapereke K40,000 yanu funsani pa desiki kuti mwezi umenewo akuphunzitsa ndani, ndipo mtsikanayo akapanda kukuyankhani dikirani mpaka muone nokha amene walowa m'kalasi. Kabuku kofotokopako musagule, pokhapokha atakonza tsamba la mayankho.