Mbiri ya Atolowa: ku Tolowa Dunes kapena ku myuziyamu ya ku Crescent City?

Atolowa ndi mtundu wa anthu amene ankakhala kale ku America azungu asanafike. Malo awiri onsewa oonerako mbiri yawo ali ku Del Norte County, kumpoto kwa California.

Tolowa Dunes State Park ndi paki ya mchenga ndi madambo m'mbali mwa nyanja ya Lake Earl. Kumeneko kuli Yontocket, mudzi wopatulika kumene atsamunda anapha Atolowa mazanamazana mu 1853. Manda alipobe, ndiye muziyenda mwaulemu.

Myuziyamu ya Del Norte County Historical Society ili m'nyumba yomwe kale inali ndende, ndipo imasunga madengu oluka a Atolowa ndi Ayurok, mtundu woyandikana nawo.

Mtengo: kupaki n'kwaulere, kumyuziyamu konzekerani kandalama.
Kuyenda: kupaki miyendo imatopa, kumyuziyamu ola limodzi lakwana.
Mvula ikagwa, paki imavuta.

Wofuna kuponda dothi lenilenilo apite ku Yontocket, ndipo ine ndingasankhe kumeneko. Amene ali ndi ana aang'ono kapena nthawi yochepa, myuziyamu imukwanira.