CZ 457 Scout kapena Ruger American Rimfire Compact? Funsani za maring'i musanalipire

Chigulireni kamfuti kanga ka .22, anzanga amene timalima nawo cha ku Mitundu sakundipatsa mpata. Funso ndi limodzi: agule CZ 457 Scout ngati yangayi, kapena Ruger American Rimfire Compact imene ali nayo mlamu wanga? Ndayankha pa WhatsApp mpaka kutopa, ndiye ndilembe kamodzi basi.

Zonse ziwiri ndi zazifupi, zopepuka, ndipo zimadya zipolopolo za .22 LR. Paipi ya CZ ndi ya mainchesi 16, ya Ruger 18, koma m'tchire kusiyanako simungakumve. Pa mamita 50, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga, zonse zimaunjika zipolopolo malo amodzi, mokwanira kalulu kapena nkhanga. Wokuuzani kuti .22 ndi ya nguluwe akukunamizani. Mungoivulaza, ikafere kutali.

Tsono pamene panandiwawa ndi pa sikopu, galasi loonetsa pafupi chimene mukufuna kuwombera. Pamwamba pa mfuti zimenezi pali kanjanji kamene maring'i ogwira sikopu amalumapo. Ka CZ, poti ndi ya ku Czech Republic, ndi kotambalala mamilimita 11. Ka Ruger ndi ka muyeso wa ku America, 3/8 ya inchi, pafupifupi mamilimita 9.5. Ndi maso, tinjanji tiwiriti n'tofanana. Wondigulitsa sikopu uja, sindimutchula, anandipatsa maring'i a 3/8 ndi mawu okoma akuti "bwana, awa amakwana pa .22 iliyonse". Kukwana anakwanadi, koma anakhala chopendekeka, dzino limodzi litaluma, linzake litangokhudza. Ndimati ndikaseta sikopu lero kuti ilozedi pamene chipolopolo chikugwera, mawa zipolopolo zasamukira kumanzere. Ndinayamba kukayikira mfuti, kenako sikopu, kenako maso anga. Zipolopolo, zimene kuno sitigula ngati mtedza, zinangothera pa katoni. Nditabwerera kwa mkulu uja anati katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Maring'i oyenera a mamilimita 11 ndinachita kutumiza munthu wochokera ku Johannesburg, ndiye onkhetsani mtengo wake, wa mayendedwe ndi wa zipolopolo zotayika zija.

Mlamu wanga zonsezi sanazione. Maring'i omwewo, amene ankandivuta ine, pa Ruger yake anangokhala phee. Komanso Ruger inabooledwa kale timabowo pamwamba, moti mukafuna mutha kumangapo timaziko ta Weaver, tizitsulo tolumapo maring'i a mtundu wina, n'kuiwala za kanjanji. Pamenepa ndivomere, wapambana.

Magazini, kabokosi kosungira zipolopolo m'mfuti, ndi msampha wachiwiri. Scout anaipangira achinyamata ophunzira kuwombera, choncho imabwera ndi kachipangizo kolowetsa chipolopolo chimodzi chimodzi. Magazini ya zipolopolo 5 mumagula padera. Ruger imabwera ndi magazini ya zipolopolo 10, yomweyo ya Ruger 10/22, mfuti yawo ina yotchuka, ndipo siitulukira kunsi kwa mfuti.

Za trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, palibe chokambirana, zonse zimasinthika kulimba kwake.

Thako la mfuti, mbali yotsamira paphewa, ndi lalifupi pa zonse ziwiri, cha m'ma sentimita 30 kuchokera pa trigger. Munthu wamtali amachita kukhwinyata. Ruger ndi ya pulasitiki ndipo chidutswa chakumbuyo chimachoka; mutha kuikapo chokwera kuti tsaya lifike bwino pa sikopu, kapena kugula chachitali. CZ ndi ya mtengo, ndiye mukafuna kutalikitsa ndi nkhani ya labala wokhuthala kumbuyo. Komatu mtengo ndi mtengo. Ndikaigwira yanga ndimamva kuti ndagwira mfuti, bolt yake, chitsulo cholowetsera chipolopolo m'paipi, ikuyenda mosalala, pamene ya mlamu imalira kho-kho ikagunda nthambi. Iye amati mvula ya Januwale pulasitiki saiopa. Ndi zoona, koma ine sindisaka mvula ikugwa.

Poseta, njira ndi imodzi. Yambani pa mamita 25 ndi katoni yaikulu, kumbuyo kwake kukhale chulu, chifukwa kachipolopolo ka .22 kamatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka ndipo kamadumpha kakagunda mwala. Mukaona pamene zikugwera, sunthirani pa mamita 50. Pa masikopu olembedwa 1/4 MOA, kupotoza kabatani kosetera kamodzi kumasuntha pogwera chipolopolo pafupifupi mamilimita 3.6 pa mtunda umenewu, ndiye yezani ndi lula, werengani, musamangopotoza mwachisawawa. Chitani m'mamawa kusanayambe mphepo. Mwera wa Juni ndi Julayi umakankha chipolopolo cha .22 moonekeratu. Ndipo mtundu wa zipolopolo umene mwasetera ndi womwewo wokasakira.

Zonsezi ndikulankhula ndi amene mapepala awo ali bwino. Chilolezo cha mfuti chimachokera ku polisi, likulu lake ku Area 30, ndipo laisensi imafuna kukonzanso chaka ndi chaka. Kusaka kuli ndi chilolezo chakechake ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Chisinthireni lamulo la nyama mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30 kundende, choncho zokasaka m'nkhalango zotetezedwa za Dzalanyama kapena Kasungu musaziganize n'komwe.

Ndiye mugule iti? Ngati mukufuna mfuti yoti muitulutse m'bokosi, muikepo sikopu, Loweruka lomwelo mukayese, tengani Ruger, mutu sudzakupwetekani. Ine CZ yangayi sindisintha, ngakhale mlamu atawonjezerapo mbuzi. Chiikireni maring'i oyenera sinasunthepo. Koma mukasankha CZ, musatulutse ndalama musanaone "11 mm" italembedwa pa paketi ya maring'i, ndipo wogulitsayo aphatikize magazini pa mtengo womwewo.