Likuni Phala kwa mwana wodwala anorexia: ufa ndi wabwino, koma wophika akhale kholo

Mtsikana akayamba kuonda kuno ku Mangochi, anthu amathamangira kuganiza za TB kapena HIV. Kuyezetsa zimenezo n'koyenera. Koma zotsatira zikatuluka bwino, iye nkumabisabe nsima, kusanza dala akadya, kusiya kusamba mwezi ndi mwezi, ganizirani za anorexia kapena bulimia, matenda a maganizo okhudza kadyedwe pomwe munthu amadzimana chakudya kapena kusanza dala poopa kunenepa. Anyamata nawonso amadwala.

Pa banja lotere, Likuni Phala ndi wothandiza ndithu. Ndi ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, ndipo magalamu 100 amapereka makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 380. Amapsa msanga: kapu imodzi ya ufa, makapu atatu a madzi, kutakasa mphindi 10 atawira. Thirani supuni yaikulu ya mafuta ophikira, yomwe imawonjezera makalori 120, ndi masupuni awiri a nsinjiro. Mpatseni ngati chakudya chapakati, kawiri kapena katatu pa tsiku, osati m'malo mwa nsima ya usipa.

Zofooka zake zilipo. Mwana wa Fomu 3 amachita manyazi ndi phala lomwe amaliona kusikelo, choncho pakhomo ponse adyeko. Limakolanso mukamaphika chimodzimodzi tsiku lililonse. Sinthani ndi nthochi kapena mkaka. Vuto lalikulu n'lakuti phala ndi losavuta kulinyenga. Wodwala akaphika yekha amachulutsa madzi, mafuta osathira, mbale nkuoneka yodzadza pomwe mulibe kanthu. Mayi, bambo kapena azakhali ndiwo aziphika, kugawa, nkukhala naye pamphasa mpaka mbale ithe, kenako ola lathunthu mwanayo asapite kuchimbudzi yekha kuopa angakasanze. Osakalipa, osanyengerera kuti "ingolawako". Njira yoika makolo patsogoloyi inayambira pa chipatala cha Maudsley ku London, ndipo ndi yomwe imathandiza kwambiri achinyamata.

Makolo ambiri amadzida kuti analera molakwika. Ayi. Matendawa amachokera ku zinthu zingapo, kuphatikizapo chibadwa, nkhawa ndi kunyozedwa kusukulu. Komabe mawu oti "wanenepatu iwe", omwe kwathu kuno ndi kuyamikira, wodwala amawamva ngati chitonzo, ndipo angamubwezeretse mmbuyo. Uzani alendo asanene kanthu za thupi lake.

Ramadan ikafika samalani kwambiri, chifukwa kusala kumabisa matendawa mwezi wonse. Chisilamu chimalola wodwala kusasala, ndipo ndi bwino shehe amuuze yekha zimenezi.

Ngati mwana watha masiku ambiri osadya kwenikweni, akukomoka kapena mtima ukugunda pang'onopang'ono, musayambe ndi phala lokhuthala kunyumba. Kudya kwambiri mwadzidzidzi kungagwetse michere ya phosphate ndi potassium m'magazi, mtima nkuima. Pitani kaye kuchipatala cha boma cha Mangochi, mufunse anamwino oona za matenda a maganizo. Zikavuta amatumiza ku Zomba Mental Hospital.