Timatepi todulidwa kale ta Eduard topentera mafelemu a kanopi

Munthu akaona kandege ka pulasitiki, diso lake limathamangira pa kanopi, galasi lija lophimba malo a woyendetsa. Mapiko akhoza kusalala bwino, koma mzere wa felemu ukakhota, kapena penti ikalowerera pagalasi, ndege yonse imaoneka ngati chidole. Timatepi ta Eduard, kampani ya ku Czech Republic, tinapangidwira vuto limeneli, ndipo timagwiradi ntchito, bola mudziwe potigwiritsa ntchito ndi pomwe tilibe phindu.

M'paketi mumapeza kapepala kachikasu ka tepi ya kabuki, yopyapyala ngati ija ya kampani ya ku Japan ya Tamiya, kodulidwa ndi makina molingana ndi zenera lililonse, komanso chithunzi chosonyeza pomata kachidutswa kalikonse. Nthawi zambiri mumakhalanso ta matayala. Zilembo za papaketi zimakuuzani sikelo, kutanthauza kuchepa kwa kandege poyerekeza ndi ndege yeniyeni: CX ndi ya 1/72, EX ya 1/48, JX ya 1/32. Tolembedwa TFace tili ndi zomata mkati ndi kunja komwe, ndipo ndi toyenera ngati kanopi mudzaisiya yotsegula. Chenjerani pogula: paketi iliyonse inayezedwa pa ndege ya kampani imodzi. Ta Spitfire ya Tamiya sitikwana bwino pa Spitfire ya Airfix ngakhale sikelo ili yofanana.

Ubwino wake umaonekera pa ndege za mazenera ambirimbiri, monga He 111, Ju 88, Bf 110 kapena Avro Anson. Kudula tepi pamanja pamenepo kumadya madzulo angapo, ndipo nthawi iliyonse mpeni ukayenda pagalasi mumakhala mukuika pachiswe chigawo chimene chikakandika kwambiri sichibwereranso mwakale. Ndi timatepiti mpeni sufika pagalasi pomata. Makona amatuluka akuthwa, mizere yowongoka, ndipo ulimbo wake susiya zonyansa mukapanda kutisiya miyezi.

Komatu timatepi patokha sitipenta felemu. Yambani mwatsuka kanopi ndi madzi a sopo kuti mafuta a zala achoke. Ngati mumaiviika m'vanishi yonyezimira ya mtundu wa Future kapena Gauzy ya AK, ivundikireni kuti isagwe fumbi, iume maola 24, makamaka 48. Mukafulumira, tepi imasiya chidindo pa vanishi yosauma. Mizere yodulidwa pa kapepala kachikasu sioneka msanga, choncho kapindeni pang'ono pansi pa nyale, tizidutswa tidzutsa makona tokha. Nyamulani kamodzikamodzi ndi kopanira kosongoka, yambirani pakona imodzi ya zenera, kenako gonekani kotsalako. Mukamaliza, tsindirani m'mbali monse ndi kamtengo kotokosera m'mano. Apa ndi pamene ambiri amalakwira, chifukwa penti imalowa paliponse pamene tepi sinagwire, ngakhale mpata wake ukhale wosaoneka ndi maso. Kupopera kaye vanishi yopyapyala yopanda mtundu kumatseka timipata totere penti yamtundu isanafike.

Mtundu woyamba kupopera ndi wa mkati mwa ndege, chifukwa ndi umene udzaonekere munthu akasuzumira kudzera pagalasi: wotuwa moderako wotchedwa RLM 66 pa ndege za Germany za kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kapena wobiriwira motuwa ngati Tamiya XF-71 pa ndege zambiri za RAF, gulu la ndege zankhondo la ku Britain. Mtundu wakunja umabwera pamwamba pake. Sungunulani penti theka ndi theka ndi thinner yake (mankhwala osungunulira penti), ikani mphamvu ya mpweya wa airbrush (kachipangizo kopopera penti) pafupifupi 15 psi, ndipo dutsani kawiri kapena katatu mopepuka, kulunjika pagalasi osati kuwombera m'mphepete mwa tepi. Penti yothithikana imadikha m'mbali mwa tepi, n'kusiya kampanda kamene kamathetheka pomatula. Musanapitirire, yang'anitsani kanopi pa nyale. Kuwala kukamadutsa mufelemu, makamaka pansi pa mitundu yowala ngati yoyera kapena yasiliva, onjezeraniko wa mkati uja.

Za guluu tinene mwachidule: superglue imatulutsa nthunzi imene imachita chifunga choyera pagalasi. Gwiritsani ntchito guluu woyera wa PVA kapena Micro Kristal Klear, ndipo tsekani mpata wonse pakati pa kanopi ndi thupi la ndege kuti fumbi la penti lisalowe mkati momwe simungafikemo.

Pofooka pa timatepiti ndi pa galasi lotukuka ngati dzira. Pepala silitamuka, choncho Eduard amangopereka kamkombero kozungulira m'mbali, pakati mudzaze nokha. Ambiri amathirapo mankhwala amadzi ophimbira, koma Maskol ya Humbrol ili ndi amoniya amene amadya vanishi ya mtundu wa Future, galasi n'kuchita mbuu. Tizidutswa ta tepi ya Tamiya n'totetezeka kuposa pamenepo. Ta Montex ta ku Poland, topangidwa ndi pulasitiki yofewa, timatsata kutukuka bwino, ngakhale timakonda kudzuka m'mbali tikakhala masiku ambiri, ndiye tifunika kutsindiranso musanapopere.

Musachotse timatepi musanapopere vanishi yomaliza, kuti mafelemu afanane ndi thupi la ndege pomwe galasi likhalabe lowala. Vanishi ikauma, ngati penti yachuluka, yendetsani lezala latsopano la nambala 11 m'mphepete mwa tepi mopepuka kwambiri, kungodula khungu la penti basi. Dzutsani kona ndi kamtengo kaja, kokerani tepi chakumbuyo moigoneka, osati kuizula choimika. Penti yolowerera imachoka mukaipala ndi kamtengo konola nsonga, koma thinner ya lacquer isayandikire, imasungunula pulasitiki ya kanopiyo.

Pa ndege ya mazenera ochuluka, ndiponso pa sikelo ya 1/72 pomwe zenera lina limachepa kuposa chikhadabo, timatepi ta Eduard tiguleni limodzi ndi ndegeyo. Pa P-51D kapena F-16, pomwe felemu yambiri ndi mkombero wa pansi chabe, tepi ya Tamiya ya mamilimita 6 yodulidwa timizere ta milimita imodzi imakwanira.