Lilongwe, Blantyre kapena Zomba: banja la ana aang'ono lisamukire kuti?

Alamu anga awauza kuntchito kuti asankhe okha komwe akufuna kukagwirira pakati pa Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Malipiro ndi amodzimodzi konseko. Iwo ndi mchemwali wanga ali ndi ana awiri, wamkulu wangoyamba Sitandade 1, wamng'ono akadali wa kumsana. Atandifunsa maganizo, ndinayamba ine kuwafunsa: "Alamu, mwana akatentha thupi pakati pa usiku, mudzafika bwanji kuchipatala, ndipo padzapita nthawi yaitali bwanji?" Mbeta imasankha tauni poyang'ana ndalama ndi kumene kuli anzake. Wa ana amayang'ana madzi, chipatala, ndi maola amene msewu umamudyera m'mawa ndi madzulo.

Lilongwe ndiye amakoka anthu ambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Chiyambire 1975, pomwe likulu linasamuka kuchoka ku Zomba, maofesi aboma, akazembe ndi mabungwe akhala akuwunjikana kumeneko, osaiwala mafakitale ndi msika wa fodya ku Kanengo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzindawu. Ngati nonse awiri mukufuna ntchito yolembedwa, kapena wina ali ndi geni yofuna makasitomala ochuluka, Lilongwe sangakukhumudwitseni. Malo ndi athyathyathya, nyumba zambiri zili ndi bwalo loti mwana athamangepo ndi kadimba ka mpiru kuseri. Chakudya chimachokera pafupi: chimanga ndi mtedza za ku Mitundu, mbatatesi ya ku Dedza.

Chondidetsa nkhawa ndi kutambalala kwa mzindawu. Nyumba ya lendi yoti banja longoyamba lingakwanitse imapezeka ku Area 25, ku Chinsapo, ku Area 36 kapena ku Area 23, pomwe ntchito ili ku City Centre kapena ku Capital Hill. Opanda galimoto amakwera kawiri popita, kawiri pobwera. Bambo kapena mayi amatuluka ana ali m'tulo, n'kudzafika ana akusinza. Ndalama imene mwapulumutsa palendi imathera kwa kondakitala ndi wakabaza. Onjezanipo fumbi la mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, lomwe limavutitsa mwana wa mphumu. Zipatala zilipo, Kamuzu Central ndi Bwaila ya amayi oyembekezera, koma kuchoka kumapeto kwa Area 25 usiku ndi ulendo woti uukonzekere.

Pa nkhani ya chipatala, Blantyre ndimamuika patsogolo. Ku Queens, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ndi kumene ophunzira udokotala amaphunzirira ntchito, motero akatswiri a matenda a ana amapezeka pamenepo. Mumpanda womwewo muli Mercy James, chipatala cha maopaleshoni a ana chomwe chinatsegulidwa mu 2017. Banja lomwe lili ndi mwana wodwaladwala, wofunika kuonana ndi dokotala wamkulu mwezi ndi mwezi, lisataye nthawi kuwerenga zotsalazi, lipite ku Blantyre. Mzindawu ndi wothithikana kusiyana ndi Lilongwe, ndipo wokhala ku Nkolokosa, ku Zingwangwa kapena ku Chitawira safunika tsiku lonse kuti afike m'tauni kapena ku Limbe.

Koma Blantyre anamangidwa pamapiri, ndipo mapiriwo ndiwo amalamula zinthu ziwiri zimene mayi wa khanda sangazinyalanyaze. Choyamba ndi madzi. Ambiri amachokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kuti akwere chitunda. Magetsi akavuta, mipope imauma, ndipo okhala pamwamba ndiwo amayamba kusowa n'kumalizira kulandira. Amene anachapapo matewera amadziwa tanthauzo la masiku awiri opanda madzi. Chachiwiri ndi malo enieni pomwe nyumba yakhala. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo mabanja ambiri anataya ana awo. Kuyambira pamenepo sindilola m'bale wanga kutenga nyumba ya m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa khwawa, ngakhale lendi itsike bwanji. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi nacho chimafuna majuzi ndi mabulangete okwanira, koma chimenecho ndi chaching'ono.

Mizinda iwiri ikuluikuluyi ili ndi vuto limodzi lofanana, la kuchuluka kwa anthu m'malo mopanda zimbudzi ndi madzi okwanira. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Posankha dera, funsani kumene anthu amatunga madzi mpopi ukauma.

Tsono Zomba. Kalembera yemwe uja anapeza anthu pafupifupi 105,000 okha, ndipo kuchepako ndiye ubwino wake waukulu. Ofesi, msika, sukulu ndi sikelo zimakhala pamtunda woti munthu angayende wapansi kapena kukwera kabaza kamodzi. Kholo lingathe kuperekeza mwana kusukulu, kukagwira ntchito, n'kudzadya nsima masana kunyumba. Kwa ine ichi chimaposa zina zonse, chifukwa zaka zimene mwana amafuna kuperekezedwa ndi zochepa ndipo sizibwerera.

Madzi a ku Zomba amachokera pamwamba, kudamu la Mulunguzi paphiri, ndipo amatsika okha kutsata chitsetso. Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni ndi Blantyre: ku Blantyre madzi amakankhidwa kukwera, ku Zomba amangotsetsereka. Pamsika mumapeza matemba a ku Chilwa, mpunga wa m'madambo a Domasi ndi Likangala, ndi zipatso za kuphiri. Loweruka mungathe kutenga ana kukakhala pamithunzi ya ku Botanic Gardens, m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi, osawononga ndalama zambiri. Ndi tauni ya maphunziro: University of Malawi ili pomwepo, MANEB nayo likulu lake lili momwemo. Mwana wokulira kumeneko amaona ophunzira a kukoleji tsiku lililonse, ndipo koleji simamuoneka ngati chinthu cha kutali.

Zovuta zake ndizinene mosabisa. Ntchito ndi zochepa. Kupatula boma, yunivesite, asilikali, apolisi ndi mabungwe angapo, palibe olemba anthu ambiri. Wofika kumeneko alibe ntchito m'manja angavutike kwambiri. Nyumba za kufupi ndi koleji, makamaka ku Chikanda, eni ake amakonda kuzigawa zipinda n'kuikamo ophunzira, ndiye banja liyambe kufufuza ku Matawale kapena ku Chinamwali, ndipo liyambe msanga. Zomba Central Hospital imathandiza matenda ambiri, koma ena amatumizidwabe ku Queens, ulendo wa makilomita oposa 60 pamsewu wa M3. Mukamatsikira kumunsi cha kunyanja ya Chilwa udzudzu umachuluka, choncho neti isachoke pabedi la ana chaka chonse.

Mzuzu sanali pamndandanda wa alamu anga, koma wina akapatsidwa mwayi umenewo asaukane msanga. Ndi mzinda wozizira, wa mvula yambiri, uli ndi chipatala chachikulu chake, ndipo ana amatola Chitumbuka posewera ndi anzawo. Chowerengera ndi mtunda basi, ngati kwanu ndi kummwera ndipo kukagwa maliro kapena matenda muyenera kuyenda tsiku lathunthu.

Nkhani ya mtunda wa kumudziyi ndi imene inamaliza mkangano wathu. Amayi athu amakhala ku Machinga. Kuchokera ku Zomba angathe kukwera minibasi m'mawa, kudzagwira khanda mchemwali wanga akadwala, n'kubwerera tsiku lomwelo ngati kumunda kuli ntchito. Ku Lilongwe zimenezo sizingatheke. Mchemwali wanga ndi telala, ndipo tauni yodzaza sukulu siisowa ofuna mayunifolomu.

Ndinawauza kuti, popeza malipiro sasintha ndipo ana onse ali bwinobwino, atenge Zomba. Akanakhala kuti mchemwali wanga akusaka ntchito ya muofesi, ndikanati Lilongwe; mwana mmodzi akanakhala wa kuchipatala pafupipafupi, ndikanati Blantyre. Ndinawapemphanso kuti nyumba akaione mvula itagwa, aone kumene madzi amadutsa pabwalo, ndipo za mpopi asafunse landilodi koma mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Loweruka likubwerali akupita ku Matawale kukaona nyumba ziwiri, ndipo amayi ati akakumana nawo padepoti.